Inshallah M'buku la Che Mkwanda

Lachisanu lina, anthu atabalalika pambuyo pa swala ya Juma, galimoto yoyera inaima pafupi ndi mzikiti wina ku Namwera. Munatuluka Che Twaibu Mkwanda, mphunzitsi wa Chingerezi pa koleji ina ku Zomba, atakumbatira mpukutu wa mapepala. Linali buku lawo loyamba, nkhani yopeka ya masamba mazana atatu, ndipo osindikiza mabuku ena a ku Ulaya anali atalivomera. Chikhalire mudzi wa kwawo ku Namwerako, panalibe mwana wa kumeneko amene anafikapo pamenepo, ndipo Che Mkwanda ankazidziwa bwino zimenezo.

Anapeza Shehe Amidu Chiwaula akupinda mikeka pakhonde. Shehewa anaphunzira zaka khumi ndi ziwiri ku Zanzibar ndi ku Khartoum, koma mlendo akanayesa kuti ndi osesa pamzikiti.

"Assalamu alaikum, a Shehe."

"Wa alaikum salaam, Che Mkwanda. Takulandirani. Khalani apa pali mthunzi."

Atafunsana za moyo, Che Mkwanda anatambasula mapepala aja pamaondo.

"A Shehe, Chingerezi chabwino sichiyenda chokha. Wolemba wodziwa amawazamo mawu a zinenero zina. Muno muli Chifalansa, *déjà vu*, *bon voyage*. Muli Chilatini, *status quo*. Ndaikamonso Chiarabu. Lolemba ndikutumiza bukuli komaliza, ndiye ndati mundionere ngati mawu a Chiarabuwo ndawalemba molondola. Dzina lanu lidzakhala patsamba lothokoza, ndipo lidzawerengedwa mpaka ku London."

"Allah akudalitseni pondiganizira. Tandiwerengereni pang'ono."

Che Mkwanda anakonza pakhosi n'kuwerenga ndi mawu amene ankaphunzitsira m'kalasi. Inali ndime ya mmisiri wa matabwa akulonjeza mayi wamasiye kuti amukonzera chitseko mawa, *inshallah*, kutanthauza kuti Allah akalola, kwinaku akutsinzinira mnzake.

"Apa mkonzi wanga anaseka mpaka misozi," anatero akumwetulira. "Azungu ambiri masiku ano amawadziwa mawuwa. Akafuna kunena kuti chinthu sichichitika, amati *inshallah*. Alowa m'Chingerezi, a Shehe! Ndife tawalowetsa."

Shehe anavala magalasi awo, natenga mapepalawo, nawatembenuza mosafulumira. Che Mkwanda anadikira chiyamiko.

"Mawuwa alimo kangati?"

"Ka makumi anayi. Ndinawerenga."

"Mwa anthu onse amene awanena m'bukuli, ndi angati amene achita zomwe analonjeza?"

Che Mkwanda anaganiza kaye. "Palibe. Pokoma pake ndi pomwepo."

"Ndamva. Mundikhululukire funso lina. Inuyo munawamva koyamba kwa yani?"

"Kwa mayi anga, Allah awachitire chifundo."

"Ankawanena pa chiyani?"

Che Mkwanda anafuna kuyankha mwachidule, koma chinawabwerera chaka chimene anapita ku sekondale yogonera komweko ku Mangochi. Anafotokoza mawu atatsika. Tsiku lonyamuka mayi awo anati, "Pakati pa teremu ndidzabwera kudzakuona, *in shaa Allah*." Sabata imeneyo mvula inakokolola mlatho, magalimoto analeka kuyenda. Che Mkwanda anauza anzawo kuti asayembekeze mtedza wa ku Namwera. Koma Loweruka madzulo anaitanidwa ku geti, ndipo anapeza mayi awo atakhala pansi, mapazi atatupa, kathumba ka mtedza kali pamiyendo. Anali atatsika mapiri onse a pakati pa Namwera ndi Mangochi wapansi.

"Ndinawafunsa kuti avutikiranji chonchi. Anati, 'Ndinatchula dzina la Allah, ndipo Iye sanandiletse. Miyendo wandisiyira.'"

Atanena zimenezi Che Mkwanda anayang'ana mapepala awo. Kenako anadzuka pang'ono pamkeka, ngati munthu woteteza mlandu.

"Komatu a Shehe, amene ndalembawa alipo. Sindinaname. Tonse timawadziwa anthu onena *inshallah* mtima uli kwina."

"Alipo ndithu, ndipo musawafufute," anatero Shehe, akuwabwezera mapepalawo ndi manja awiri. "Mwawajambula bwino, ndipo Allah wakupatsani luso limene ife tonse kuno tikunyadira. Za Chifalansa ndi Chilatini sindinenapo kanthu, eni ake alipo. Koma mawu awa ali ndi dzina la Mlengi mkati mwake, ndipo owerenga anu ambiri sadzafika ku Namwera. Adzadziwa tanthauzo lake kudzera mwa anthu amene inu mwawaonetsa. Mwawaonetsa abodza makumi anayi. Zilembo zonse n'zolondola, Che Mkwanda, palibe choti ndikonze. Chimene chasowa m'bukuli ndi mayi anu."