Mmisiri wa Zidebe ndi Makutu a Mwana Wake

Panali munthu wina, mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula kuseri kwa msika. Mkazi wake anachira kuchipatala mwana wamkazi wonenepa, woyamwa bwino, ndipo anamutcha Ndaziona. Asanatuluke, namwino anapisa kathonje m'kamwa mwa khandalo, nati akayeza malovu ake. Makolowo anangovomera.

Patapita masiku anawaitana.

"Mwana wanu tamupeza ndi kachilombo," anatero namwino.

Mmisiri anayang'ana mkazi wake. Mkaziyo anayang'ana pansi. Onse awiri anali atayezetsa magazi kusikelo, ndipo anawauza kuti alibe. Tsono kachokera kwa yani?

"Si kaja mukuganizaka, bambo," anatero namwino. "Aka ndi kena, dzina lake CMV. Ambirife tinakatengapo osadziwa. Kamayenda m'malovu ndi mumkodzo, makamaka wa ana aang'ono. Mayi akakatenga ali woyembekezera, kamatha kufika kwa mwana m'mimba."

"Ndiye mwanayu akudwala?"

"Ayi, pakali pano sakudwala."

"Adzadwala?"

"Sindingadziwe. Ana ambiri otere amakula bwinobwino. Ena makutu amagontha pang'onopang'ono, ngakhale anabadwa akumva. Muzibwera naye tizimuyeza makutu."

Bamboyo anatuluka mutu utaima. Kachilombo kalipo, koma mwana sakudwala. Mankhwala sanawapatse, koma akuti azibwera. Apongozi ake anati achipatala amakonda kufunafuna matenda pamene palibe. Mnzake wapamsika anati kachilombo nkachilombo basi, akungomubisira. Mmisiri anaganiza zoyesa yekha. Anamenya chidebe ndi nyundo pafupi ndi mwana, mwanayo nadzidzimuka nkulira.

"Mwaona? Akumva," anauza mkazi wake.

"Akumva lero, bambo a Ndaziona. Nanga mawa?"



Tsiku lokayeza linagwa pa tsiku la msika, pamene zidebe zimayenda malonda. Mmisiri anakhala pa kampando kake, nyundo ili m'manja, osakhoma, osanyamuka. Akasiya ogula napita, nkupeza mwana ali bwino, ndiye wapusa. Akakhala, nanga ngati namwino uja ananena zoona? Potsiriza anaika nyundo pansi, nafunditsa zidebe chiguduli, nakweza mkazi ndi mwana panjinga.

Makutu anapezeka ali bwino. Ulendo wotsatira, chimodzimodzi. Anzake anayamba kumuseka kuti akuyendera matenda a m'maloto. Iye ankapitabe, ngakhale akamufunsa chifukwa chake ankachita chibwibwi.

Mwana atayamba kukwawa, makina anaonetsa kuti makutu onse awiri ayamba kufooka. Phokoso lalikulu ankalimva, nchifukwa chake pakhomo panalibe amene anazindikira. Koma mawu a munthu woyankhula naye ankamudutsa. Achipatala anamuveka tizipangizo tothandiza kumva, naphunzitsa mayi ake kuyankhula naye maso ndi maso. Anzake amsinkhu wake atayamba kutchula mawu, Ndaziona naye anayamba, ndipo anakula wolongolola.

Inu mukundimvera, mmisiri uja sanapite chifukwa choti anamvetsa. Anapita mutu uli chiimire. Pali zinthu zimene zimaba mwakachetechete, ndipo diso la kholo, ngakhale lachikondi chotani, silingazione. Akakuuzani kuti mubwerenso ndi mwana, funsani mafunso anu onse. Akatsala osayankhidwa, nyamulani mafunsowo pamodzi ndi mwanayo, mupite.