Nkhanga Mlonda Asasa Mawu

Padangokhala, ana inu, kudambo kwina kunali mudzi wa mbalame zoyenda pansi: nkhwali, zinziri ndi nkhanga. Mdani wawo anali Kabawi, wofwamba anapiye. Choncho mbalamezo zinasankha Nkhanga kuti akhale mlonda, poti mawu ake ankamveka mpaka kutsidya. Akakwera pachulu n'kukuwa kuti "Kabawi uyooo!" anapiye onse ankalowa m'mapiko mwa amayi awo.

Kabawi anaonda ndi njala, ndiye anapeza nzeru. Ankatera pamtengo wouma chapatali n'kumaimba:

"Nkhanga iwe, mawanga a nthomba,
Kuwa timve, kuwa timve!"

Nkhanga anali wa mtima wapachala. Kabawi akaimba, iye kutukwana. Akaimbanso, iye kutukwananso. Dzuwa lili phwee, fumbi la m'chilimwe akumeza, utsi wa lupsa akumeza, madzi osalawa ngakhale dontho.

Tsiku lina Kabawi sanaimbe. Anangotsika ngati mwala. Nkhanga anamuona, natsegula mlomo, koma munangotuluka mpweya wokha. Mawu anali atasasa! Kabawi anawakha mwana wa Nkhwali, ulendo.

"A Nkhanga, munali pachulu pomwepo!" analira Nkhwali. "Munamuona ndi maso anu! Mwanditayitsa mwana!"

Nkhanga analibe mawu oti apepesere. Misozi ili chuchuchu, anapita kwa Njiwa, amene amaimba tsiku lonse osasasa mawu.

"Musalankhule, achemwali, ndamva kale," anatero Njiwa. "Pakhosi panu patupa. Mukhale chete mpaka pachire. Kunong'ona komwe ayi, kumawonjeza bala. Muzimwa madzi pafupipafupi, muzinyambitako uchi, fumbi ndi utsi muzizithawa. Mukachira, mawu muziwakankha ndi mpweya wochokera m'mimba, osafinya khosi."

Nkhanga anagwedeza mutu, nabwerera pachulu pake. Anapiye anali atatsekeredwa m'zitsamba, akuonda poti sankatuluka kukatola chakudya. Zinziri zinkanyogodola kuti, "Mlonda wosakuwa ngwantchito yanji?" Nkhanga duu. Kabawi anabweranso ndi nyimbo yake:

"Nkhanga iwe, mawanga a nthomba,
Kuwa timve, kuwa timve!"

Zotukwana zinkafika pakhosi penipeni, koma Nkhanga ankazimeza n'kutsikira kuchitsime kukamwa madzi. Kabawi akaimba, iye duu. Akaimbanso, iye duu. Mpaka Kabawi anaseka nati, "Basi, belu la mudzi uno lasweka."

Khosi litasiya kuwawa, Nkhanga analowa m'bango nayesa mawu ake pang'onopang'ono. Anatuluka oyera bwino. Ndiye Nkhanga anapita kwa Nkhwali nati:

"Mawa mutulutse ana, akadye pafupi ndi chitsamba cha minga."

"Nditayenso wina?" anafunsa Nkhwali, maso ali psuu.

"Ndikalephera, mundipirikitse m'mudzi muno. Koma ana akakhalabe m'zitsamba, njala iwatha."

Pomaliza Nkhwali anavomera.

Kutacha, anapiye anatuluka. Kabawi anawaona, nabwera chouluka m'munsi, mosabisala, poti ankati mlonda ndi wosalankhula. Nkhanga anaponda nthaka mwamphamvu, nakoka mpweya mpaka m'mimba.

"Kabawi uyoooo!"

Dambo lonse linagwedezeka. Anapiye onse psiti, m'chitsamba cha minga! Kabawi, podzidzimuka, analephera kukhota, nadziwombetsa paminga pomwepo. Amayi a anapiye anamuunjirira, uyu jompho, uyu jompho, mpaka anathawa nthenga zili mbwee, osabweranso kudamboko.

Nkhwali anaitana ana ake, naona kuti onse alipo. Anakwera pachulu, nakhala pambali pa Nkhanga.

"Mwana wanga uja sabwerera," anatero, "koma awa mwandisungira. Zikomo, achemwali."

Nthano yanga yagonera pamenepa. Ana inu, mawu anu musawathere pa mikangano yachabe, asamaleni kuti tsiku la ngozi adzakhalepo.