Choko kwa Mlendo

Woyendera sukulu, a Chikaonda, adatulukira m'kalasi ya a Kadzamira nalemba chiganizo cha Chingerezi pabolodi, pakati n'kusiya mpata.

"Aphunzitsi, pamenepa pakhale fulusitopu, koloni kapena semikoloni? Mukalephera, ntchito yatha."

A Kadzamira semikoloni ankangoionera patali ngati galu wa eni. Adanjuta napereka choko kwa a Chikaonda ndi manja awiri.

"Ana inu, kwathu kuno amayamba ndi mlendo. Aombereni m'manja bwana."

A Chikaonda adauyang'ana mpatawo. Adaika kadontho, ana n'kuomba. Adaonjeza kena pamwamba, n'kuombanso. Kenaka kam'munsiko adakapatsa mchira.

"Mwaona kuolowa manja kwawo?" adatero a Kadzamira. "Atipatsa zonse zitatu."

Bwanayo adatuluka osatsazika, choko chili m'manja.