Telala amene ankakulitsa bulauzi yake

Panali mayi wina, telala wa pamsika, dzina lake Nankhoma. Tsiku lina akusamba anamva kanthu kolimba m'bere lake, kakang'ono ngati nzama. Sikankapweteka. Koma anachita mantha, pakuti mayi ake anapita ndi chotupa cha m'bere, ndipo mng'ono wa mayi akewo chimodzimodzi.

Kuchipatala dokotala anamupima, nati adule kachidutswa kuti akakaunike, adziwe ngati ndi khansa. Nankhoma anakumbuka zokamba amayi anzake pamsika, zoti chotupa chikalawa mpeni chimalusa. Anati abweranso mawa. Mawa lakelo silinafike.

Mtendere unamuthawa. Ankakhala pamakina, kudzuka, kukhalanso. Ankasoka mzere wokhota, kumasula, kusokanso wokhota. Dzanja linkangothawira pachifuwa kukamva ngati kanthuko kachoka, koma nzama ija inali itasanduka dzira. Ndiye poti luso linali m'manja, anamasula bulauzi yake n'kuikulitsa. Itathina, anaikulitsanso. Makasitomala ankati, "Koma ndiye mukunenepa bwino, mayi!" Iye ankangoseka, mantha ali tho.

Kenaka kunabwera mng'ono wake, Ulemu, kudzayezetsa diresi la chinkhoswe chake. Nankhoma pozunguliza tepi pachifuwa cha mtsikanayo, chala chake chinagunda kanzama komweko.

"Iwe, aka kayamba liti?"

"N'kachabe aka, achemwali. Sikapwetekanso."

Nankhoma anawadziwa mawuwo, chifukwa ndi omwe ankadzinamiza nawo yekha. Anatseka chitseko, namasula mabatani a bulauzi yake yaikulu ija.

"Taona. Kanganso sikankapweteka."

Anapita onse awiri kuchipatala, nsalu ya chinkhoswe ili pamakina pomwepo. Dokotala atamva za mayi awo anati, "Ilipo khansa ina yoyenda m'magazi a banja. Mwachita bwino kubwera naye." Anadula tizidutswa kwa onse awiri, ndipo zotsatira zinabwera. Ka Ulemu kanali khansa ndithu, koma kanali kasanayale mizu. Anakachotsa, mtsikanayo n'kuchira. Cha Nankhoma chinali chitafika kukhwapa ndi m'mafupa. Sichinaluse ndi mpeni ayi, chinalusa ndi kudikira.

Diresi la chinkhoswe Nankhoma analisoka mpaka kumaliza, mizere yake yowongoka bwino. La ukwati linasokedwa ndi telala wina.

Tsono inu mukumvetseranu, nonse ndinu atelala. Wina akukulitsa malaya, wina akumasula lamba, wina akusintha kagonedwe kuti asamve chimene chili m'thupi mwake. Kupima sikubweretsa matenda, kumangowatchula dzina nthawi ikadalipo. Mmera m'poyamba. Ngati muli nako kanthu kosapweteka kaja, musakasokere bulauzi. Pitani akakaone, ndipo m'bale wanu musamusiye kunyumba.