Njerwa za a Mateyu

Ku Montague Gardens, pakati pa mafakitale a mumzinda wina wa kunja kwa Malawi, kuli chinyumba cha malata cha bungwe lina lothandiza osowa. Loweruka lililonse m'mawa amayi a ku Dunoon amandanda m'mphepete mwa khoma lake kudzalandira chakudya. Magetsi ozimazima atatopetsa eni bungwelo, nyama ikuwonongekera m'mafiliji, anaganiza zoika sola padenga. Ntchitoyo inagwera kagulu ka Amalawi kotsogozedwa ndi a Mateyu a ku Ntcheu, amene akazi awo, mayi Agnes, ndiwo ankagawa chakudyacho pakhomo.

A Mateyu ntchito ankaidziwa, tisawanamizire. Chilema chawo chinali chimodzi: mawu a mnzawo ankalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Lachisanu masana kireni inakweza mapanelo onse a sola padenga n'kuchoka. Dzuwa linapendeka theka la mapanelowo lisanamangidwe ndi mabawuti. Che Shafii a ku Machinga, mnzawo wa pantchito amene anakhalitsa mu mzindawu, anaima n'kuyang'ana kuphiri la Table Mountain. Mtambo woyera unali utayamba kuyala pamwamba pa phirilo.

"Achimwene, mtambo uwo mukuuona? Mawa kuli chimphepo cha South Easter. Otsalawa tiwamange lero, apo ayi tiwatsitse."

"Tiwatsitse ndi chiyani, kireni yapita? Anthu atopa, Che Shafii. Tingowatsindira ndi njerwa, Monday timalizitsa."

"Njerwa? Pamwamba pa galasi?"

"Tiyalapo makatoni. Kwathu denga la bambo anga lakhala ndi miyala chibadwire changa, silinaulukepo. Mphepo ndi mphepo basi."

"Ya kuno si ya ku Ntcheu. Iyi imagwetsa lole pamsewu. Ndiponso mawa pansipa pakhala anthu, alamu anga mayi Agnes ali pomwepo."

A Mateyu anaseka, kuseka kwa munthu amene watseka kale nkhani. "Mantha anuwo, mukanakhala kumudzi bwenzi mukugona ndi nyali. Anyamata, kwezani njerwa!"

Che Shafii anamanga mapanelo awiri ena okhaokha, kenako mdima unawatsitsa. Anapita kwawo mtima uli m'mwamba.

Loweruka kunacha bwino, ndipo a Mateyu anatsala m'nyumba akumwa tiyi, mayi Agnes atapita kale kuntchito. Mwadzidzidzi chitseko chinamenyeka chokha. Mapepala ndi mchenga zinayamba kuuluka m'njira, malata a nyumba zoyandikana akulira ngati akukhomedwa. Kapu ija inawazizirira m'manja. Anaimbira akazi awo, foni inangoitana osayankhidwa. Apo mpamene mantha anawagwira zenizeni, ndipo anatuluka liwiro osatseka n'komwe pakhomo.

Atafika anapeza mzere wa amayi uli chikhalire m'mphepete mwa khoma, ena ndi ana kumsana, atafunda kumaso chifukwa cha fumbi. Palibe amene ankayang'ana kumwamba. Koma a Mateyu anaona: mapanelo osamanga aja ankadzuka n'kugona, kudzuka n'kugona, ndipo njerwa zinkatsetsereka pang'onopang'ono kulunjika kumapeto kwa denga.

"Chokani! Sukani apho! Lowani m'kati!" anakuwa, Chichewa ndi Chixhosa zikusakanikirana.

Njerwa yoyamba inagwa n'kuphwanyika pafupi ndi phazi la mayi Agnes. Mzere unabalalika, koma khomo linali laling'ono, anthu akupanikizana, ana akulira. Che Shafii, amene nawonso mphepo inawadzutsa ku Langa komwe ankakhala, anatulukira pageti ali wefuwefu.

"Musakwere, achimwene! Mulibe lamba wodzitetezera!"

Nawo mawu amenewa a Mateyu sanawamve. Anakwera makwerero, nakwawa pamalata, nagona chafufumimba pa panelo la kumapeto lomwe linali litatsala pang'ono kuulukira pagulu. Analikanikiza ndi chifuwa, mphepo ikuwanyamula pamodzi nalo. Pansi mayi Agnes ndi Che Shafii ankakokera anthu m'kati mmodzimmodzi. Mayi womaliza atangolowa, panelo loyandikana linadzuka lonse, linatembenuka, n'kutsika ndi m'mphepete mwake pa dzanja lamanja la a Mateyu. Kukuwa kwawo kunamveka kuposa mphepo.

Palibe mayi kapena mwana amene anavulala tsiku limenelo. Koma kuchipatala madokotala anapulumutsa chala chachikulu ndi chamkombaphala chokha. Zitatu zinazo zinapita. Che Shafii atabwera kudzazonda, sananene kuti ndinakuuzani. Anangokhala pampando n'kumayang'ana pansi. Amene analankhula ndi mayi Agnes, misozi ili m'maso koma mawu ali owuma.

"Bambo a Faith, njerwa ija ikanasuntha pang'ono, bwenzi lero mukuuza chiyani ana? Kuti kwanu mumatero?"

Mawu amenewa anawapweteka a Mateyu kuposa bala.

Amene anamaliza ntchito ija ndi Che Shafii, ndipo mafiliji a bungwelo sazimanso. A Mateyu masiku ano amalondera pageti ya fakitale ina, chifukwa dzanja lija silingagwirenso sipanala. Mphepo ikayamba, amakhala oyamba kuyang'ana kuphiri. Akuluakulu sananame: samva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu.