Miyala Yoyera ya ku Msambanyani

Ofesi ya bungwe lina losamalira nkhalango pa boma la Ntchisi inali ya zipinda ziwiri, denga lodontha pakona, koma chaka chimenecho mudalowa chinthu choti ngakhale a ku Lilongwe ankachisirira. Ndege yaing'ono idazungulira pamwamba pa mapiri ikuponya pansi kuwala kwa makina a leza. Kuwala kwina kukagunda nsonga ya mtengo kumabwerera, kwina kumapyola m'masamba n'kukagunda dothi, ndipo kompyuta ikayerekeza ziwirizi imanena kutalika kwa mtengo uliwonse munthu asanapondeko phazi. Pa mapu amene adatuluka, tchire lidaoneka lobiriwira, mitengo yotalikirapo yachikasu, ndipo zimphona zenizeni zinali timadontho tofiira.

Wowerenga mapuwo anali Victor Kalumbu, mwana wa mphunzitsi wa ku Chisepo. Tisamunamizire, mutu anali nawo, ndipo mitengo ankaikonda zenizeni. Nthenda yake inali imodzi: chabwino chikafika m'manja mwake, mtima sunkakhala pansi mpaka dziko lonse litadziwa kuti chili m'manja mwa Victor.

M'mawa wina adakuwa ngati waponda linthumbu. "Mayi Msosa, tabwerani mudzaone kuno!"

Abigail Msosa, mnzake wa mu ofesimo, amene adayamba ntchito ya nkhalango Victor akadali ku sekondale, adabwera ndi kapu ya tiyi m'manja. Pa kompyuta panali kadontho kofiira psuu pansi penipeni pa chigwa cha Msambanyani, malo a maphompho, lunguzi ndi chitedze, koti ngakhale otola nkhuni sankafikako. Munthu ukaima pamwamba pa phiri sukadadziwa kanthu, pakuti tsinde la mtengowo linali kutali pansi ndipo nsonga yake inkangolingana ndi mitengo wamba ya m'mbali mwa phiri. Makina okha ndiwo adauulula.

Adapitako awiriwo pamodzi ndi alonda a nkhalango, pena kukwawa, pena kutsetsereka chokhala, minga ikuwang'amba malaya. Atafika adangoti kukamwa yasa. Inali mbawa yowongoka ngati mzati, yoti amuna asanu ogwirana manja sakadaikumbatira, ndipo mozungulira munali mbawa zina zikuluzikulu. Victor adavula chipewa. Misozi idalengeza m'maso mwake, ndipo sinali yachinyengo ayi.

Posakhalitsa kudabwera uthenga woti alendo amene adalipira ndege ija akubwera ndi akuluakulu ena kudzaona chimene ndalama zawo zidachita. Nthenda ya Victor idadzuka pomwepo.

"Tilambule njira mpaka patsinde," adatero pamsonkhano. "Alendo akauone ndi maso awo, aukhudze ndi manja. Pamsewu tiikepo chikwangwani. A wailesi nawonso abwere."

Abigail adaika kapu pansi. "A Kalumbu, mukuganiza kuti mbawa ija yakalamba chifukwa anthu a kuno ndi oyera mtima? Yakalamba chifukwa palibe munthu angatulutse thabwa m'chigwa muja. Lunguzi uja ndiye mlonda wake. Ife alonda tili nawo atatu, njinga yamoto imodzi, nayonso yodwaladwala. Alendo tiwaonetse zithunzi, malo ake tisawatchule."

"Mlendo wamkulu kumulandira ndi chithunzi? Kwathu kuno mlendo timamulambulira njira. Atiyesa anthu otani?"

"Atiyese mmene angatiyesere. Iwo abwera tsiku limodzi, njirayo itsala."

"Chinthu chobisika sichitetezeka, Mayi Msosa. Dziko likaudziwa mtengo umenewu, ndani angaukhudze?" Kenaka adamwetulira, n'kuponya mawu amene munthu wabwino akadawameza. "Kapena chikukupwetekani n'choti wauona ndine?"

Abigail adangotola kapu yake. Mawu oterowo alibe yankho, ukangotsegula pakamwa waoneka wanjiru. Ndipo bwana wa ofesiyo, munthu wokonda kuoneka pa zithunzi, adati maganizo a Victor ndiwo achitukuko.

Ntchito idayamba. Aganyu adabwera ndi makasu ndi zikwanje kuchokera m'midzi yonse yozungulira. Lunguzi adadulidwa n'kutenthedwa, pamatsitso adasemapo masitepe, pamtsinje adayalapo mlatho wa mitengo. Victor ankayang'anira yekha, thukuta lili kamukamu, ndipo adalamula kuti njirayo ikhale yotakasuka, alendo aziyenda awiriawiri akucheza. Pomaliza, monga timachitira kukamabwera wamkulu, adandandalika miyala mbali zonse ziwiri n'kuipaka laimu, yoyera mbee, kuyambira pamsewu mpaka patsinde. Pakati pa aganyuwo panali amuna ena osalankhulalankhula, amene nthawi yopuma ankazungulira matsinde a mbawa akumayeza ndi mikono. Victor adawaona, nati mumtima: taonani, ngakhale anthu akumudzi ayamba kukonda chilengedwe.

Pamsewu padaima chikwangwani cholembedwa kuti mtengo wautali koposa m'mapiri ano uli kuno, ndipo m'munsi mwake munali dzina la woupeza. Pa wailesi ya m'deralo Victor adafotokoza zonse, kuti ndi mbawa, kuti si imodzi, kuti munthu ukapitirira chigayo ukhotere kumanzere n'kutsata miyala yoyera. Ha! Ngakhale wakhungu akadafika.

Tsiku la alendo kudacha ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Magalimoto adafika dzuwa litapendeka. Amayi adaimba, akuluakulu adalankhula motalika, ndipo pa onse olankhulawo palibe adatchula dzina la Victor. Itakwana nthawi yotsikira kuchigwa, mlendo wamkulu adayang'ana matsitsowo, adayang'ana nsapato zake, adayang'ananso wotchi. Adaima pa mwala woyamba, adajambulitsa, nati ntchito njabwino zedi, apitirize. Magalimoto adatembenuka ulendo ku Lilongwe. Palibe mlendo ndi mmodzi yemwe adaiona mbawayo.

Komabe Victor adalandira mphotho yake: adamutumiza ku maphunziro a miyezi ingapo ku Lilongwe. Dzinja lidalowa. Alonda aja adaitanidwa kukathandiza kulimbana ndi owotcha makala kumbali ya Dowa, njinga nayo idafa. Abigail adalemba makalata opempha mlonda wa pachigwapo, ndipo yankho lidali loti nkhaniyo ikuunikidwa. Anthu a m'midzi yapafupi ankamva makina ochekera mitengo akulira m'chigwamo masanasana, koma sadadabwe. Ankati, "Ndi eniake omwe aja. Nanga njira yokongola chonchija akadaikonzera chabe?"

Mvula itatha, Victor pobwerera adadzera pa Kasakula tsiku la msika. Kuseri kwa ogulitsa zitseko adaona matabwa ofiirira atatsamira khoma, otakata moti limodzi lokha linkakwana chitseko chathunthu popanda kulumikiza. Adaima n'kuwayang'anitsitsa. Mwini matabwawo, bambo wansangala dzina lake Luke, adamuthamangira.

"Bwana, mbawa yeniyeni iyi! Yotereyi simudzaionanso. Awa ndi otsala, abwinoabwino adapita kale m'tauni."

"Mwaitenga kuti?" adafunsa Victor.

"Ine ndimangogula kwa ocheka, bwana. Koma si chinsinsi, ndi ku Msambanyani. Kale kunali kosafikika, makolo athu ankangoti kuli nyani basi. Ndiye kunabwera bwana wina wophunzira, anaona mitengoyo ali m'ndege, n'kukonza njira. Njira yake, inu! Anthu awiri kusenza thabwa osagundana, masitepe, mlatho, miyala yoyera yoti ngakhale kukhale nkhungu sungasochere. Munthu ameneyo Mulungu amudalitse, wadyetsa mabanja ambiri. Nditsitseko pang'ono, bwana?"

Victor adagwira thabwalo. Linali lozizira, lonunkhira bwino. Sadanene kuti iye ndani.

M'mawa mwake adatsika njira yake yekha, ndipo idamufikitsa msanga, pakuti adaikonza bwino. Pamene padali mdima wa masamba tsopano dzuwa linkawomba mpaka pansi. Chitsa cha mbawa yaikulu chinali ngati bwalo, wina adasonkhapo moto pakati pake n'kuphikapo. Utuchi wofiira udadzaza mumtsinje. Mbawa zina zija nazo zinali zitsa zokhazokha, ndipo mitengo ing'onoing'ono imene idapulumuka kwa ocheka inali itayamba kugwa ndi nkhwangwa za owotcha makala, amene adatsata mapazi a anzawo. Victor adayamba kuzula miyala yoyera ija n'kumaiponya kutchire, umodzi umodzi, mpaka zala zidachucha magazi. Koma njira yoti yapondedwa dzinja lonse sifufutika ndi manja a munthu mmodzi.

Chaka chotsatira ndege ija idabweranso, pakuti eni ndalama ankafuna kuona mmene mitengo yakulira. Mapu atsopano adafika pa kompyuta yomwe ija, ndipo wowawerenga anali yemwe uja. Pa Msambanyani panalibe chofiira, panalibe chachikasu. Popeza kunalibenso masamba otchinga, kuwala kwa makinawo kudafika padothi bwinobwino, n'kujambula chinthu chimodzi momveka kuposa china chilichonse pa mapu onsewo: njira yokhotakhota, sitepe lililonse likuoneka, kuchokera pamsewu kukathera pa chitsa.

Abigail adaima kumbuyo kwake. Akadafuna akadalankhula, ndipo ndani akadamudzudzula? Koma mtengowo udamupweteka iyenso. Adangoloza mbali ina ya mapuwo, kutali kumpoto, pamene panali kadontho kena kofiira m'chigwa china chopanda njira.

"Aka mwakaona, a Kalumbu?"

"Ndakaona."

"Ndiye titani?"

Victor adayang'anitsitsa kadonthoko. "Palibe," adatero. "Tisanene kwa munthu."

Nzeru zake zidabwera, inde, koma zidabwera mbawa ili kale zitseko za anthu m'tauni. Mtengo umene udapirira mphepo ndi moto mibadwo yonseyo uli chete m'chigwa mwake, udatha m'dzinja limodzi utangotchuka, ndipo adaupha si munthu woudana nawo, koma woukonda amene adalephera kuukonda mwakachetechete. Akuluakulu sadaname pamene adati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.