Wansembe Amene Anawerenga m'Chinenero cha Pamsika

Panali munthu wina, wansembe, kalekale ku dziko lozizira la kutsidya kwa nyanja. Ankatumikira m'mudzi wa anthu okumba migodi. Masiku amenewo mpingo unali umodzi, ndipo mapemphero onse ankachitika m'chinenero chakale chimene ankachimva ndi ansembe okha. Anthu wamba ankangogwada, kuvomera ameni, n'kubwerera kwawo. Akuluakulu a mpingo analetsa kumasulira Malemba.

Tsiku lina mgodi unagumuka, mwala n'kuphwanya chifuwa cha bambo wina wa ana ang'onoang'ono. Anzake anamunyamula pachitseko, mkazi wake n'kuthamangira wansembe uja. Wansembeyo atafika anatsegula buku n'kuyamba kuwerenga monga mwa masiku onse. Wovulalayo anamukoka mkanjo.

"Bambo, mawu amenewo akuti chiyani? Mulungu wandikhululukira, kapena akundithamangitsa?"

Wansembe anakumbukira lamulo. Anaganiza zoti amalize kaye kuwerenga, kenako amunong'oneze yankho. Pomwe ankamaliza, munthu uja anali atatsirizika, atatong'ola maso ndi mantha. Chonsecho mawu amene ankamuwerengerawo ankanena za chikhululukiro chaulere.

Wansembe anapsa mtima moti chakudya chinamukanika. Lamulungu lotsatira, tchalitchi chitadzaza, anakwera pagome nawerenga mawu omwe aja m'chinenero chimene anthu ankagulira mchere pamsika. Mkazi wamasiye uja anaimirira nafunsa ngati mawuwo anali m'bukumo kuyambira kale. Atamva kuti analimo, analira mokweza, kulira kwa munthu amene waberedwa.

Akuluakulu a mpingo anaitanitsa wansembeyo kumzinda. Atakhala pamipando yawo yokutidwa ndi golide, anamuuza kuti anthu wamba ali ngati ana, ndipo mawu oyera adzadetsedwa m'kamwa mwa okumba migodi. Anamulamula kuti agwade, avomere kuti walakwa, kuti apitirize ntchito yake.

"Ndionetseni pamene Mulungu ananena kuti anthu ake asamumve," iye anatero. "Mukandionetsa ndigwada. Apo ayi, sindigwada."

Palibe amene anatsegula buku. Anamuvula mkanjo anthu akuona, anamuchotsa mumpingo, nalengeza kuti womupatsa chakudya kapena pogona ndi wotembereredwa. Ansembe ena amene anagwirizana naye anawawotcha pamoto. Koma okumba migodi anamubisa m'khola la ng'ombe, ndipo ankasonkhana momwemo kuti aziwawerengera. Mpingo unang'ambika pakati. Mabanja anadana, magazi anakhetsedwa, ndipo iye anafa osapondanso m'tchalitchi chimene anabatizidwiramo.

Tsono inu mwakhala m'tchalitchi muno kundimvera leronu, Mawu a Mulungu muli nawo m'Chichewa chanu chomwe. Ali kunyumba, pansi pa sutikesi, pamodzi ndi zovala zimene zinakucheperani. Akabwera munthu wa suti yonyezimira n'kunena kuti Mulungu amalankhula ndi iye yekha, akakugulitsani madzi a m'botolo, inu mumaomba m'manja. Simufunsa ngakhale funso limodzi. Ndipo mumadzitcha ana a anthu amene anapsa ndi moto pokana zimenezi! Pitani mukawerenge nokha. Lamulungu likudzali, ine ndikanama pagome pano, muimirire mundiuze pamaso pa mpingo wonse.